Kompyuta ya Dzina Lotchuka Kapena Yotsika Mtengo: Mafunso ndi Mayankho kwa Osewera Magemu

Mafunso ali pansipa amachokera kwa anthu amene amabwera ndi nkhani imodzimodzi. Munthu akufuna kompyuta yapatebulo yosewerera magemu, waona ya kampani yotchuka, waonanso ina yotsika mtengo imene papepala ikuoneka yofanana nayo, ndiye mutu waima. Ndakhala ndikutsegula makina a mitundu yonse iwiri kwa zaka zambiri, ndipo zimene ndalemba pano ndi zimene ndingamuuze m'bale wanga weniweni asanatulutse ndalama m'thumba.

Kodi tikamati kompyuta "ya dzina" ndi "yotsika mtengo" tikutanthauza chiyani?

Ya dzina ndi yochokera ku makampani akuluakulu monga Dell, HP, Lenovo, Acer ndi Asus. Iliyonse mwa makampaniwa ili ndi mtundu wake wa makompyuta a magemu: HP ili ndi Omen, Lenovo ili ndi Legion, Acer ili ndi Predator, Asus ili ndi ROG, ndipo Dell ili ndi Alienware, imene inayamba ngati kampani yoima payokha mu 1996, kenako Dell n'kuigula mu 2006.

Yotsika mtengo nthawi zambiri imakhala yolumikizidwa ndi kampani yaing'ono kapena mmisiri, amene amagula zipangizo zopangidwa kale n'kuzimanga m'bokosi limodzi. Malire ake si owongoka kwenikweni, chifukwa makampani akuluakulu nawonso amapanga makina otchipa, pomwe olumikiza ena amamanga makina odula kwambiri. Komabe kusiyana kumene tikukamba pano ndi kwenikweni, ndipo kumaonekera mukatsegula bokosi kapena makina akavuta.

Kodi makampani otchuka amapanga okha zipangizo za m'kati?

Zimene zimayendetsa gemu, ayi. Pulosesa, imene ili ngati ubongo wa kompyuta, imachokera ku Intel kapena AMD. Mtima wa khadi la zithunzi umachokera ku Nvidia, AMD, kapena Intel, imene inalowa pamsikawu ndi makhadi a Arc mu 2022. Timachipu ta RAM (memori imene makina amagwirira ntchito akakhala oyaka) tambiri padziko lonse timapangidwa ndi makampani atatu okha: Samsung, SK hynix ndi Micron. Choncho pulosesa ya Ryzen 5 imene ili m'bokosi la dzina ndi yomweyo imene ili m'bokosi la mmisiri wosadziwika, bola nambala yake ikhale imodzi.

Chimene kampani yaikulu imakonza mwa njira yake ndi bokosi, motherboard (bolodi lalikulu pamene zipangizo zonse zimalumikizidwa), power supply (chogawa magetsi), kaziziritsidwe ndi BIOS (pulogalamu ya mu motherboard imene imadzutsa makina). Mafunso ambiri otsatirawa akukhudza zinthu zisanuzi, chifukwa ndi mmene mumabisala zabwino ndi zoipa za mbali zonse ziwiri.

Pa magemu, chofunika kwambiri kuyang'ana ndi chiyani?

Khadi la zithunzi. M'magemu ambiri amakono, khadili ndi limene limagamula kuti pa sekondi iliyonse pa sikirini padutsa zithunzi zingati, ndipo kuchuluka kwa ntchito yake kumadalira monita yanu. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni, ya 1440p ili ndi pafupifupi 3.7 miliyoni, ya 4K ili ndi pafupifupi 8.3 miliyoni. Khadi limene likuyenda bwinobwino pa 1080p likhoza kumatsimphina pa 4K, chifukwa lapatsidwa katundu wolemera kanayi. Yang'ananinso memori ya pakhadipo, imene imatchedwa VRAM. Makhadi a 8 GB akugwirabe ntchito pa 1080p, koma magemu ena atsopano amawadzaza mukakweza kukongola kwa zithunzi, ndipo gemu imayamba kudukizadukiza.

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Wotsatsa amalemba "Core i7" ndi zilembo zikuluzikulu, dzina la khadi n'kulibisa m'munsi. Koma i7 si chinthu chimodzi. Core i7-4770 inatuluka mu 2013, ndipo pa magemu imagonja kwa Core i3-12100 ya 2022, ngakhale kuti dzina la i3 limamveka laling'ono. Nthawi zonse funsani nambala yonse ya pulosesa ndi nambala yonse ya khadi. Mukapeza GT 710 kapena GT 1030 m'makina amene akutchedwa a magemu, dziwani kuti makhadi amenewo sanapangidwire magemu olemera, ngakhale bokosilo likuthwanima ndi magetsi amitundumitundu.

Pulosesa imakhala yofunika kwambiri ngati mumasewera magemu ampikisano monga Counter-Strike 2 kapena Valorant pa monita ya 144 Hz (yoonetsa zithunzi 144 pa sekondi) kapena kuposa apo. Kumeneko khadi limamaliza ntchito yake msanga n'kumadikira pulosesa.

Makompyuta awiri ali ndi pulosesa ndi khadi zofanana. N'chifukwa chiyani ina ikuthamanga kuposa inzake?

Zifukwa zimene ndimapeza kawirikawiri ndi zitatu. Choyamba ndi RAM. Makina a 16 GB akhoza kukhala ndi kamtengo kamodzi ka 16 GB, kapena timitengo tiwiri ta 8 GB. Timitengo tiwiri timatsegula njira ziwiri zopita ku pulosesa, pomwe kamodzi kamasiya njira ina ili chabe. Makampani akuluakulu ndi aang'ono omwe amachita zoika kamodzi, ndipo papepala sizioneka. RAM yomweyo ikhozanso kumayenda pa liwiro lotsika chifukwa chakuti njira yoikwezera liwiro yotchedwa XMP, kapena EXPO pa makina atsopano a AMD, sinayatsidwe mu BIOS. Pa motherboard wamba mumangoyatsa nokha. Pa makina ena a dzina, malo oyatsira mulibe n'komwe.

Chachiwiri ndi kutentha. Pulosesa ikayandikira madigiri 95 mpaka 100, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Bokosi limene kutsogolo kwake n'kotsekedwa ndi galasi kapena pulasitiki, lokhala ndi fani imodzi kumbuyo, limathamanga bwino mphindi zoyambirira kenako n'kufooka. Vutoli lilibe mbali: ndaliona m'mabokosi a dzina ofinyika, ndalionanso m'mabokosi otchipa amene anakongoletsedwa n'kuiwala polowera mpweya.

Chachitatu, opanga ena amaika malire a magetsi amene pulosesa ingakoke, pofuna kuti igwirizane ndi choziziritsira chaching'ono chimene aikamo.

Ndiye opanga makina otsika mtengo amachepetsa pati kuti mtengo utsike?

Amachepetsa pamene wogula sayang'ana, ndipo malo oyamba ndi power supply, kabokosi kachitsulo kamene kamasandutsa magetsi a pakhoma kukhala magetsi oyenera zipangizo za m'kati. Palibe amene amanyadira power supply, siwonjezera liwiro, ndipo kawirikawiri imakhala yobisika pansi pa bokosi. Koma chipangizo chilichonse m'makinamo chimadya kuchokera kwa iyo.

Tsiku lina anandibweretsera kompyuta imene inali isanathe miyezi itatu. Kunja inali yokongola kwabasi, galasi m'mbali, mafani owala atatu kutsogolo. Dandaulo linali lakuti pa intaneti imagwira bwino tsiku lonse, koma gemu ikangofika pamalo otanganidwa, makina amazima okha ngati wina wazula pulagi. Nditachotsa chitseko chakumbuyo ndinapeza power supply yopepuka m'manja ngati chitini chopanda kanthu, mawaya ake owonda, chikalata chake cholembedwa mawati 600 koma osatchula kampani iliyonse yodziwika. Nditawerenga timanambala ta m'munsi, mzere wa mavoti 12, umene umadyetsa pulosesa ndi khadi, unali kutali kwambiri ndi 600. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Titaikamo power supply yabwino vuto linatheratu, koma mwini wake anali atataya kale masabata akukangana ndi wogulitsa amene ankaumirira kuti vuto ndi gemu.

Funsani dzina la kampani ndi mtundu wa power supply, osati mawati okha. Chizindikiro cha 80 Plus, chimene chili ndi magulu monga Bronze, Gold ndi Platinum, chimangonena za kusawononga magetsi, sichitsimikizira kuti zonse za m'kati n'zapamwamba. Komabe power supply imene ilibe ngakhale chizindikiro chimenechi ndimaikayikira. Wogulitsa akakana kutchula mtundu wake, ine ndimabwerera pomwepo.

Malo ena amene amachepetsa ndi motherboard yokhala ndi malo awiri okha a RAM, SSD (chosungira mafayilo ndi magemu) yaing'ono ya kampani yosadziwika, ndi choziziritsira. Zimenezi n'zopiririka chifukwa mutha kuzisintha pang'onopang'ono. Pa mbali ya power supply makampani akuluakulu amachita bwino: zawo nthawi zambiri zimakhala zolimba ndi zoyesedwa, kungoti amaziyeza ndendende ndi zimene zili m'bokosimo, osasiya mpata wowonjezera.

Kodi ndingathe kukweza kompyuta ya dzina m'tsogolo?

Nthawi zina inde, nthawi zina movutikira kwambiri, ndipo ili ndi funso limene ndimafuna kuti aliyense alifunse asanagule.

Mu 1995 Intel inakhazikitsa muyezo wotchedwa ATX, umene umanena kukula kwa motherboard, malo a mabowo a masikuluwu, ndi mmene power supply imalumikizirana nayo. Pambuyo pake kunabwera microATX ndi Mini-ITX, zazing'onopo koma za banja lomwelo. Chifukwa cha muyezowu, mutha kugula motherboard ya kampani ina, power supply ya kampani ina, bokosi la kampani inanso, zonse n'kulowana bwinobwino. Olumikiza makina otsika mtengo amagula pamsika womwewu, ndiye makina awo amatsatira muyezo, afune asafune. Umenewu ndi mwayi wawo waukulu.

Makampani akuluakulu sakakamizika kutsatira. M'makina awo ambiri, makamaka a muofesi ndi ena a magemu, mumapeza motherboard ya maonekedwe akeake, yokhala ndi madoko a USB akutsogolo omatiriridwa pa iyo yomweyo. Pamalo pa pulagi wamba ya mapini 24 mumapeza ya mapini 6 kapena 8 imene power supply ya m'sitolo ilibe. Zotsatira zake zimakokana ngati unyolo: mukufuna khadi lamphamvu, khadilo likufuna power supply yaikulu, power supply yaikulu sikulowa pa motherboard, motherboard yatsopano sikulowa m'bokosi. Pomaliza mumapezeka kuti mwagula kompyuta ina yonse, n'kungopulumutsapo pulosesa, RAM ndi SSD. Timawaya tosinthira mapini tilipo, koma sindimakonda kudutsitsa magetsi ambiri pa kawaya kamene sindikudziwa anakapanga ndani.

Si makina onse a dzina ali chonchi. Mitundu ina yatsopano ya magemu yabwerera ku zipangizo za muyezo wamba chifukwa ogula anadandaula. Njira yodziwira ndi yosavuta: makampani akuluakulu ambiri amaika pa intaneti buku la okonza la makina awo, lokhala ndi zithunzi za m'kati. Litsitseni musanagule, muwerenge mapini a pulagi ya magetsi.

Ndikufuna kuikamo khadi latsopano la zithunzi. Ndiyambe ndaona chiyani?

Tengani tepi muyeze bokosi, kuchokera kumbuyo kumene khadi limamangidwa mpaka pa chinthu choyamba chimene chingaligunde kutsogolo. Makhadi ambiri a mafani atatu amapitirira masentimita 30, ndipo ena ndi onenepa moti amatseka malo atatu.

Kenako magetsi. Malo olowetsamo khadi pa motherboard, a PCIe x16, amapereka mawati osapitirira 75. Khadi lofuna oposa apo limatenga kudzera pa waya wochokera ku power supply: wa mapini 6 amawonjezera mawati 75, wa mapini 8 amawonjezera 150, ndipo pulagi yatsopano ya mapini 16 ya makhadi akuluakulu a Nvidia inapangidwira mawati ofika 600. Yang'anani ngati power supply yanu ili ndi mawaya amenewa. Ngati ilibe, opanga ake akukuuzani kuti sinapangidwire katundu wotero. Za mibadwo ya PCIe musade nazo nkhawa kwambiri, khadi latsopano limagwira pa malo a m'badwo wakale. Ngati makina anu ali ndi power supply ya mtundu wakewake, bwererani ku funso lapitali.

Nanga kugula kompyuta yakale ya muofesi n'kuikamo khadi, n'kwanzeru?

Kwa munthu wa ndalama zochepa amene akufuna magemu opepuka, njirayi ndimaigwirizana nayo, bola adziwe malire ake. Makina monga Dell OptiPlex, HP EliteDesk ndi Lenovo ThinkCentre anapangidwa kuti azigwira ntchito tsiku ndi tsiku kwa zaka, ndipo ndi olimba. Koma power supply zake nthawi zambiri sizifika mawati 300 ndipo zilibe waya wa khadi, choncho mumangokhala ndi makhadi odya pa motherboard pokha, monga mitundu ina ya GTX 1650, RX 6400 kapena RTX 3050 ya 6 GB. Mabokosi opyapyala amafunanso khadi lalifupi msinkhu.

Samalani ndi zaka zake. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'makina) komanso pulosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Makina akale kuposa apo ndi otchipa pa chifukwa chimenechi.

RAM ndi SSD zokha, kodi n'zosavuta kuwonjezera?

Inde, pa makina a mitundu yonse iwiri. RAM ya DDR4 ndi ya DDR5 sizilowana, kampata kake kali pamalo osiyana, ndiye musakakamize. Kugula timitengo tiwiri tofanana pamodzi n'kwabwino kuposa kusakaniza. Pa magemu a masiku ano 16 GB ndi poyambira, 32 GB ndi pomasuka.

SSD ya SATA imafika pafupifupi 550 MB pa sekondi, ya NVMe pa PCIe 3.0 imafika cha m'ma 3,500, ya PCIe 4.0 cha m'ma 7,000. Pa magemu kusiyana kwa ziwiri zomalizazi n'kochepa. Kusiyana kumene mungakumve ndi kuchoka pa hard disk yozungulira kupita pa SSD iliyonse.

Kodi pulosesa ndingaisinthe?

Zimadalira soketi, malo amene pulosesa imakhala pa motherboard, ndi BIOS. Soketi ya AMD ya AM4 inanyamula ma Ryzen oyamba mu 2017, ndipo anthu ambiri amene anagula motherboard wamba nthawi imeneyo anatha kuikamo Ryzen 7 5800X3D ya 2022 atangosintha BIOS. AM5, imene inabwera mu 2022, imagwiritsa DDR5 yokha. Ku Intel, soketi ya LGA1700 inanyamula mibadwo ya 12, 13 ndi 14, kenako mu 2024 kunabwera LGA1851 imene silowana ndi yakaleyo.

Soketi ikhoza kulola koma BIOS n'kukana. Opanga motherboard zogulitsa pazokha, monga Asus, Gigabyte, MSI ndi ASRock, amatulutsa BIOS yatsopano kuti mapulosesa atsopano agwire, chifukwa ndi chimene ogula awo amafuna. Kampani yogulitsa kompyuta yathunthu kawirikawiri imangovomereza mapulosesa amene inagulitsa ndi mtundu umenewo. Musalipirenso ndalama zambiri lero chifukwa cha kukweza kumene mwina simudzachita, kumeneko n'kugula mbereko mwana asanabadwe. Anthu ambiri amasintha khadi kamodzi kapena kawiri pulosesa ikadali yomweyo.

Ndikatsegula bokosi, waranti yatha?

Kawirikawiri ayi. Makampani akuluakulu amasindikiza okha malangizo osinthira RAM ndi SSD, ndipo chimene salipira ndi chinthu chimene mwawononga inuyo posintha, kapena chipangizo chimene mwaikamo nokha. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko. Ku United States, lamulo la Magnuson-Moss la 1975 limaletsa kampani kukakamiza wogula kugwiritsa zipangizo zake zokha kuti waranti ikhalepobe, ndipo mu 2018 bungwe la boma loteteza ogula la FTC linachenjeza makampani angapo za timapepala tomata tonena kuti waranti yatha tikang'ambika. M'mayiko a European Union wogula ali ndi chitetezo cha zaka ziwiri mwa lamulo. Kwina kulikonse, werengani pepala la waranti ndipo funsani wogulitsa akuyankheni polemba. Sungani zipangizo zoyambirira, kuti makina akafunika kubwezedwa muwabwezeretse mmene anabwerera.

Pa thandizo makina akavuta, kusiyana kwenikweni kuli pati?

Apa ndi pamene dzina limagwira ntchito, ndipo sindifuna kulichepetsa. Kompyuta ya kampani yaikulu ili ndi nambala yakeyake, ku Dell imatchedwa Service Tag. Mukailemba pa tsamba lawo mumaona zipangizo zimene makinawo anatuluka nazo kufakitale, tsiku lothera waranti, madiraiva (mapulogalamu oyendetsa zipangizo) ndi BIOS zake zonse pamalo amodzi. Kaya chawonongeka ndi khadi, kaya ndi motherboard, mumalankhula ndi kampani imodzi. Waranti wamba imakhala ya chaka chimodzi, ndipo pali mapangano olipira monga ProSupport ya Dell, Care Pack ya HP ndi Premier Support ya Lenovo, amene ena mwa iwo amatumiza mmisiri kumene muli. Kwa munthu amene kompyuta yomweyo amagwirira ntchito masana n'kusewerera usiku, ndipo safuna kugwira sikuludiraiva, zimenezi n'zamtengo wapatali.

Kuipa kwake, woyankha foni woyamba amatsatira mndandanda wa mafunso olembedwa kale, ndipo mungabwereze zomwezo kangapo musanafike kwa munthu wodziwa. Waranti ikatha, motherboard kapena power supply ya mtundu wakewake imavuta kupeza ndipo imadula. Komanso waranti siyenda yokha ndi makina kuwoloka malire a mayiko. Kompyuta yogulidwa kudziko lina mwina singalandiridwe kumene mukukhala, kapena ingafune kuti muisamutse kaye m'kaundula wa kampani.

Kwa wolumikiza wamng'ono, thandizo limafanana ndi munthu mwiniyo. Wabwino amakudziwani, amadziwa makina amene anamanga ndi manja ake, ndipo amasintha chipangizo tsiku lomwelo. Wosakhulupirika amasiya kuyankha foni, ndipo bizinesi ikatsekedwa waranti yake yapita nayo. Chotonthoza n'chakuti zipangizo wamba mmisiri aliyense amazidziwa, ndipo zambiri zili ndi waranti ya opanga ake: power supply zabwino zimapatsidwa zaka 5, 7, ngakhale 10, ndipo RAM yambiri ili ndi waranti yaitali kwambiri. Koma funsani ngati waranti imeneyo ikufikirani inu kapena imathera kwa wolumikizayo, ndipo pemphani lisiti lolembedwa chipangizo chilichonse ndi nambala yake.

Chitsanzo cha 2024 chikuonetsa mbali zonse. Mapulosesa ena a Intel a mibadwo ya 13 ndi 14 anapezeka ndi vuto la kukoka mavoti okwera, makina n'kumazima kapena magemu kumatsekeka okha. Intel inawonjezera zaka ziwiri pa waranti, ndipo mankhwala ake anadzera mu BIOS yatsopano. Aliyense anayenera kudikira amene anapanga motherboard yake kuti atulutse BIOS imeneyo. Amene anali ndi makina a kampani yaikulu kapena motherboard ya kampani yodziwika anali ndi kolowera. Amene anali ndi motherboard yopanda dzina anasowa pogwira.

Ndichite chiyani ndisanaimbire a thandizo?

Onani kaye kumene mwalumikiza waya wa monita. Kumbuyo kwa bokosi kuli madoko a zithunzi m'malo awiri, m'mwamba pa motherboard ndi m'munsi pa khadi. Waya ayenera kulowa pa khadi. Ndaona anthu ambiri akulira kuti anagulitsidwa makina ofooka, chonsecho khadi lawo linali lisanagwirepo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Ngati makina sakuonetsa kalikonse, zimitsani, zulani pulagi pakhoma, chotsani RAM n'kuibwezera mpaka imveke kuti "kha" mbali zonse ziwiri, chimodzimodzinso khadi. Zipangizozi zimakhwefuka makina akamanyamulidwa. Lembani zimene mukuona: kulira kwa makina kangati, kagetsi kakuphethira mtundu wanji, uthenga wa pa sikirini ukuti chiyani. Jambulani ndi foni. Mukaimba, pemphani nambala ya dandaulo lanu ndipo muisunge. Makina akafunika kutumizidwa, koperani zinthu zanu kwina kaye, chifukwa okonza amatha kufufuta zonse kapena kusintha SSD.

Waranti yowonjezera, ndigule?

Pa makina a dzina okhala ndi zipangizo za mtundu wakewake, inde ndimalimbikitsa, makamaka ngati ikuphatikizapo kukonzera kumene muli. Chifukwa chake chili pa funso la kukweza: motherboard yoteroyo ikafa chaka chachiwiri, simungaipeze m'sitolo wamba. Pa makina a zipangizo wamba, ndalamazo ndi bwino kuziika pa power supply yabwino. Waranti zambiri sizilipira zowonongeka ndi mphenzi kapena kukwera mwadzidzidzi kwa magetsi, ndiye chotetezera magetsi kapena UPS (batire yogwiriziza makina magetsi akazima) ndi chofunika kaya mwagula makina ati.

Nanga Windows ndi mapulogalamu obwera ndi makina?

Makina ambiri a dzina amabwera ndi Windows yovomerezeka, chiphaso chake cholembedwa mu motherboard, moti mukaikanso Windows imadzivomereza yokha. Chiphaso chotere chimamangirizidwa ku motherboard imeneyo ndipo sichisamukira ku makina ena. Amabweranso ndi mapulogalamu oyeserera amene simunawapemphe. Achotseni, koma siyani pulogalamu ya kampani yosinthira BIOS ndi madiraiva. Diraiva ya khadi ndi bwino kuitenga kwa Nvidia, AMD kapena Intel mwachindunji, chifukwa amaikonza pafupipafupi magemu atsopano akamatuluka.

Pa makina otsika mtengo, lowani mu Settings muone ngati Windows ndi yovomerezeka, ndipo funsani kuti chiphasocho chinachokera kuti. Onetsetsaninso kuti TPM 2.0 ndi Secure Boot, zachitetezo zimene zimayatsidwa mu BIOS, n'zoyatsa, chifukwa magemu ena ampikisano, monga Valorant pa Windows 11, amakana kutseguka popanda zimenezi.

Bwanji osangomanga ndekha?

Ngati muli ndi mtima wodekha ndi madzulo amodzi opanda chokusokonezani, mungathe. Mumasankha chipangizo chilichonse nokha, ndipo mavuto a mapini achilendo ndi power supply yobisika sakukhudzani. Koma thandizo ndinu nomwe. Makina akakana kuyaka, palibe wina woti afufuze ngati ndi RAM, motherboard kapena pulosesa, ndipo popanda zipangizo zina zoyesera, kufufuzako kumatopetsa. Samalani kwambiri ndi timapini ta soketi, tikapindika kawirikawiri waranti sigwira.

Makina afika. Ndiyese chiyani masiku oyambirira?

Musataye katoni ndi zotetezera zake mpaka nthawi yololedwa kubweza itadutsa. Musanayatse, suzumirani m'kati, chifukwa otumiza ena amaikamo thovu lolimba logwirizira khadi paulendo, ndipo liyenera kuchotsedwa.

Mukayatsa, tsegulani Task Manager kapena pulogalamu yaulere ya CPU-Z ndi GPU-Z, muyerekeze zimene zikuoneka ndi zimene zalembedwa pa lisiti: nambala ya pulosesa, nambala ya khadi ndi VRAM yake, kuchuluka kwa RAM, liwiro lake, ndi timitengo tingati. CrystalDiskInfo imaonetsa maola amene SSD yagwira ntchito, ndipo makina ogulitsidwa ngati atsopano sayenera kuonetsa maola mazanamazana. Kenako yatsani HWiNFO, sewerani gemu yolemera kwambiri imene muli nayo kwa ola lathunthu bokosi lili chitsekere, n'kuona kutentha kumene pulosesa ndi khadi zafika komanso ngati liwiro latsika. Usiku umodzi siyani MemTest86 ikuyesa RAM mpaka m'mawa. Cholakwika ngakhale chimodzi chikaoneka, jambulani sikirini, lembani tsiku, n'kudziwitsa wogulitsa tsiku lomwelo.